Makina a mphepo nawo amachucha oyilo

Anthu akamakamba za magetsi a mphepo pali chinthu chimodzi chomwe amachidumpha, ndipo ine, amene moyo wanga wa ntchito wathera pa zitsulo zozungulira, chimandiyabwa. Makina amenewa amamwa oyilo. Pa zithunzi zomwe zimayenda pa Facebook amaoneka oyera mbee, mapiko atatu akuzungulira mwaulemu pamwamba pa phiri, utsi kulibe. Zoti utsi kulibe n'zoona. Koma kuseri kwa mapiko aja kuli kanyumba komwe anthu angapo amatha kuimirira m'kati mwake, ndipo m'kanyumbamo muli giyabokosi, mapampu, mapayipi ndi oyilo wochuluka woti mutamutsanulira m'migolo, mgolo umodzi sungakwane.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mapiko a makina akuluakulu amazungulira modekha, maulendo 10 mpaka 20 pa mphindi. Majenereta ambiri opanga magetsi a 50 Hz, omwe timagwiritsa ntchito kuno, amafuna kuzungulira maulendo pafupifupi 1,500 pa mphindi. Pakati pa mapiko ndi jenereta pamafunika chochulukitsa liwiro pafupifupi ka 100, ndiye giyabokosi ija. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anakumana ndi vuto lomweli pomwe ankamanga makina ake ali mnyamata wa zaka 14, ndipo anathana nalo ndi tcheni ndi gudumu la njinga. Tcheni cha njinga chimakhuta ndi timadontho tingapo. Koma giyabokosi ya makina a ma megawati awiri imalemera matani oposa 10, mano ake amalumana mwamphamvu usana ndi usiku, ndipo oyilo akangochepa amayamba kudyana okhaokha.

Giyabokosi yotere imasunga malita apakati pa 200 ndi 400, zikuluzikulu zimaposa pamenepo, pomwe injini ya galimoto yaing'ono imalowa malita 4 kapena 5 basi. Ndipo oyilo wa m'giyabokosi sali yekha. Pali wa hayidiroliki, wotembenuza mapiko kuti alandire mphepo kapena aipewe ikanyanya, yemwenso amagwiritsa mabuleki. Pali wa m'timagiyabokosi totembenuza kanyumba konse kuti kayang'ane komwe mphepo ikuchokera. Pali girizi wa m'mabering'i. Ndiye pali thiransifoma, pansi pa nsanja kapena m'kati mwake, yomwe ikakhala ya oyilo imasunganso malita mazanamazana. Tsopano chulukitsani ndi chiwerengero cha nsanja. Ku Kenya, pafupi ndi nyanja ya Turkana, kuli nsanja 365 zomwe pamodzi zimatulutsa ma megawati 310. Ku Jeffreys Bay ku South Africa kuli nsanja 60 za ma megawati 138.

Wina ati, nanga ife a ku Blantyre zikutikhudza pati, poti Malawi ilibe ngakhale famu imodzi yaikulu ya makina a mphepo yolumikizidwa ku nthambo za ESCOM? Zikutikhudza chifukwa ikubwera, tifune tisafune. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Madzi atachepa m'nyanja mu 2017 tinagona mumdima mpaka majenereta a dizilo a lendi anadzaikidwa ku Chichiri. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 anazima kwa chaka ndi miyezi. Ku dzuwa talowako kale, ku Salima kuli ma megawati 60 kuyambira 2021, ku Golomoti kuli 20. Yatsala ndi mphepo, yomwe imaomba kwambiri nyengo ya mwera ndi chilimwe, nthawi yomwe madzi m'mitsinje akutsika. Zitunda za ku Mzimba ndi Rumphi zimatchulidwa kawirikawiri ngati malo oyenera makinawa. Koma malikulu a ESCOM ndi EGENCO ali kuno. Oitanitsa masipeya ambiri ali kuno. Amisiri ambiri omwe adzakwere nsanjazo adzachokera m'magalaja ndi m'mafakitale a kuno, atanyamula zizolowezi za kuno.

Musandimve ngati wodana ndi magetsi a mphepo. Jenereta ya dizilo ya megawati imodzi imapsereza malita oposa 200 pa ola limodzi lokha. Ndiye kuti oyilo yense wa m'giyabokosi ya nsanja imodzi, yemwe amagwira ntchito zaka zingapo asanasinthidwe, amafanana ndi dizilo yemwe jenereta imamaliza munthu asanatuluke m'tchalitchi. Amene anakhalapo pafupi ndi majenereta aja akudziwa phokoso lake ndi fungo lake. Ine mphepo ndikuifuna. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a mphepo ndi oyilo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa si kuchuluka kwa oyiloyo ayi, koma malo omwe makinawa amaimikidwa. Jenereta ya dizilo imakhala m'tauni, pa konkire, mumpanda, anthu akuiona. Makina a mphepo amafuna pamwamba pa chitunda, pomwe palibe chotchinga mphepo. Ndipo pamwamba pa chitunda kwathu kuno ndi pomwe mitsinje imabadwira. Tayang'anani mzinda wathu womwewu. Mitsinje yomwe imadutsa m'makwalala athu imayambira m'mapiri otizungulira, Ndirande, Soche, Mpingwe, Michiru. M'munsi mwa chitunda chilichonse cha m'dziko muno muli kasupe, muli dambo, muli madimba a tomato ndi mpiru, muli chitsime chosatchinga chomwe mudzi umatungapo. Amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa kuti cha pamwamba pa phiri mvula ikakula chimakathera kuti.

Oyilo akagwera m'madzi samira. Amayala kachikopa kopyapyala pamwamba, kamitundu ya utawaleza kaja komwe timaona m'ngalande za ku Ginnery Corner mvula ikangoyamba. Kachikopa kameneka kamatseka mpweya, tizilombo ta m'madzi ndi tinsomba timabanika, ndipo madziwo amanunkha mpaka ng'ombe imene imawakana. Bungwe loteteza chilengedwe ku America la EPA limanena kuti oyilo wakutha wochotsedwa m'galimoto imodzi akhoza kuipitsa madzi okwana magaloni 1 miliyoni, omwe ndi malita pafupifupi 4 miliyoni. M'nthaka namo amamatira ku dothi, madzi salowanso bwino, mizu imalephera kupuma. Oyilo wa m'giyabokosi za makina a mphepo nthawi zambiri amakhala wopangidwa kufakitale mwapadera kuti asaonongeke msanga, wolimba, wa giredi 320, wothiridwa mankhwala a salufa ndi fosiforasi oteteza mano. Kulimba komwe kumamuchititsa kukhala wabwino m'makina ndi komwe kumamuchititsa kukhala zaka m'dothi osawola.

Kuchucha sikuyamba ndi kuphulika. Kumayamba ndi silo. Pomwe shafuti imalowera ndi kutulukira m'giyabokosi pamakhala masilo, zotsekera kuti oyilo asatuluke, ndipo za labala zimauma ndi kutentha, kenaka zimang'aluka. Mapayipi a labala a hayidiroliki amakhuzana ndi chitsulo chifukwa kanyumba kaja kamanjenjemera nthawi zonse, mpaka tsiku lina amabooka. Manati a pa mfundo za mapayipi amamasuka pang'onopang'ono. Mmisiri wothamanga amathira oyilo mopyola mzere, oyilo amachita thovu n'kutulukira pomwe wapeza mpata. Zonsezi mmisiri aliyense wa ku Makata amazidziwa, chasintha n'chakuti zikuchitikira mamita 80 kapena 100 m'mwamba, komwe munthu amakwerako mwa apo ndi apo.

Palinso ziwiri zomwe nyengo yathu idzawonjezere. Giyabokosi imapuma. Ikatentha masana mpweya wa m'kati umatuluka, ikazizira usiku imakoka wina. Pomwe imapumira pamaikidwa kabotolo ka timibulu toyamwa chinyezi, tomwe timasintha mtundu tikakhuta. Pa zitunda zomwe chiperoni amakuta masiku angapo osaleka, timibulu timeneti tidzakhuta msanga kuposa momwe buku la wopanga makina wa ku Denmark likunenera. Tikapanda kusinthidwa chinyezi chimalowa m'oyilo, dzimbiri limayamba, ndipo kabotoloko kakatsekeka mpweya umakankha oyilo kudzera m'masilo. Chachiwiri ndi fumbi la mu Okutobala ndi phulusa la moto wolusa. Izi zimamata pa radiyeta yoziziritsa oyilo, oyilo amatentha, amasungunuka kwambiri, masilo amapsa. Mmisiri yemwe amangotsata kalendala ya wopanga makina osayang'ana kumwamba kwa kwawo adzapeza nsanja ili thimbiriri.

Oyilo akatuluka ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kutsetsereka m'mbali mwa nsanja, ndiye mikwingwirima yakuda yomwe imaoneka pa makina osasamalidwa, mpaka kukafika pa maziko, pomwe mvula imamutengera kutchire. Yachiwiri ndi yoipa kwambiri. Wa hayidiroliki kapena girizi akatulukira pa mutu pomwe mapiko amalumikizana, amayenderera pa phiko mpaka kunsonga. Nsonga ya phiko lalikulu imathamanga makilomita oposa 250 pa ola. Oyiloyo amawazidwa ngati mankhwala opopera mbewu, timadontho tosaoneka, pa udzu womwe mbuzi zimadya ndi pa munda wa munthu yemwe sanafunsidwepo kanthu. Wotayikira pa konkire mukhoza kumuwola ndi utuchi. Wowazikayu palibe chomwe mungachite.

Apa ndipomwe ndikufuna ndikhazikike, chifukwa mabuku a akatswiri akunja safikapo. Pa fakitale ina yomwe ndinagwirako ntchito, giyabokosi ya lamba wonyamula katundu inayamba kudontha pa silo. Silo yake inalibe m'dziko muno, imayenera kuchokera ku Johannesburg, ndipo kubanki kunalibe ndalama zakunja. Abwana oyang'anira makina anauza mkulu wathu wa amisiri, bambo wachikulire, kuti, "Madala, muzingowonjezeramo wina, silo ikubwera sabata yamawa." Madalawo anayankha modekha kuti, "Bwana, sabata yamawayo ndi iti, poti mwezi watha munanenanso chomwecho?" Onse anaseka, makina anapitiriza kuyenda, chitini chinaikidwa pansi pake, chikadzaza chimasefukira m'ngalande. Abwanawo sanali munthu woipa. Kuimitsa lamba kunali kuimitsa malipiro a anthu. Kuwonjezera oyilo kunali kotchipa kuposa china chilichonse.

Nkhani imeneyi ndi ya dziko lonse. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense woitanitsa katundu kunja amadziwa kudikira kwa kubanki. Tsopano ganizirani famu ya makina a mphepo. Mwini wake amalipidwa pa yuniti iliyonse ya magetsi yomwe wagulitsa. Nsanja ikaima, ndalama zaima. Silo yachucha mu Julayi, mwera uli pachimake, sipeya ili ku Ulaya, ndipo ngati vuto lili lalikulu lofuna kutsitsa giyabokosi yonse pafunika kireni yoti ifike mamita 100, yochita kuitanitsa kunja pa malole angapo. Mukuganiza adzalamula chiyani? Adzati muzingowonjezeramo wina. N'chifukwa chake ine ndimati chitetezo choyamba cha dambo la m'munsi mwa nsanja si chipangizo chamakono ayi, koma shelefu. Mgwirizano uliwonse wa famu yotere uyenera kulamula kuti masilo, mapayipi, mafyuluta ndi timabotolo topumira tizikhala m'sitolo pamalopo, zokwanira zaka ziwiri kutsogolo, ndipo woyendera wa boma azitha kulowa n'kuwerenga yekha. Zinthu zimenezi n'zotchipa poyerekeza ndi mtengo wa nsanja. Zimangosowa chifukwa palibe amene anaumiriza.

Zinazo opanga makina anazikonza kale, bola wogula asazichotse pofuna kutsitsa mtengo. Pansi pa kanyumba kaja pamapangidwa ngati beseni kuti oyilo akatuluka asapeze njira yakunja, ndipo pamwamba pa nsanja pamaikidwa thireyi yolandira wodontha. M'thanki mumakhala kachipangizo koyeza kuchuluka kwa oyilo, m'mapayipi muli koyeza mphamvu yake, ndipo zonse zimatumiza uthenga pa kompyuta ya mu ofesi. Oyilo akatsika mwadzidzidzi makina amaima okha. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse amatapako pang'ono n'kutumiza ku labotale kuti aone madzi, tizitsulo ndi kulimba kwake, ndipo tizitsulo tikachuluka amadziwa kuti bering'i yayamba kudyeka isanaononge silo. Koma alamu ili ndi batani lozimitsira. Ndaonapo ma alamu ambiri omatidwa tepi chifukwa amasokosa. Mbiri ya ma alamu a oyilo, ndi malita omwe awonjezeredwa pa nsanja iliyonse, ziyenera kupita kwa oyang'anira chilengedwe miyezi itatu iliyonse. Nsanja yomwe yamwa malita 60 owonjezera yataya malita 60 penapake, palibe kuchitira mwina.

Thiransifoma ya pansi imafuna khola lake la konkire, losabooka, lokwana kusunga oyilo yense atati watuluka. Ku England lamulo limati khola lotere lizikwana 110 peresenti ya thanki, ndipo muyeso umenewu ndi womwe ambiri amatsata. Vuto la khola kwathu ndi mvula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi limadzaza madzi, ndiye pamaikidwa mpopi wotulutsira. Mlonda amatopa kutsegula ndi kutseka m'mawa uliwonse, amangousiya chitsegulire mpaka Epulo, ndipo khola lija limasanduka chokongoletsa. Mankhwala ake ndi denga pamwamba pa kholalo, kapena dzenje lolekanitsa oyilo ndi madzi, osadalira kukumbukira kwa munthu wogona m'kachisakasa pamphepo.

Ndiye pali akuba. ESCOM yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri za anthu ophwanya mathiransifoma kufuna kopa ndi oyilo, ndipo m'tauni muno mphekesera zoti oyilo wotereyu amakathera pa chiwaya cha tchipisi sizinayambe lero. Wakuba sabwera ndi fanulo. Amaboola, amadzaza zigubu zake, otsalawo amathera pansi. Thiransifoma yomwe ili pa chitunda chopanda anthu, pa nsanja iliyonse imodziimodzi, ndi kuitana alendo. Mwamwayi pali mathiransifoma ouma, opanda oyilo n'komwe, omwe nthambo zake zimakutidwa ndi utomoni wolimba, ndipo makina ambiri amakono amaika thiransifoma m'kati mwa nsanja kapena m'kanyumba ka pamwamba, kuseri kwa chitseko chachitsulo. Kwa Malawi, ine sindiona chifukwa chovomerezera mtundu wina.

Pomwe oyilo sangapeweke, pali wosankha. Alipo wa mtundu wa ester, wina wochokera ku soya kapena mbewu zina zamafuta, yemwe tizilombo ta m'nthaka timatha kumudya. Muyeso womwe amagwiritsa ntchito ndi wakuti 60 peresenti yake iwole pa masiku 28. M'mathiransifoma ali ndi ubwino winanso, sayaka mpaka atapyola madigiri 300, pomwe wamba amayaka asanafike 200. Ndi wodula, ndipo musanamizidwe kuti ndi madzi. Malita 300 a oyilo wa soya atakhuthukira m'kasupe nsomba zifabe sabata imeneyo. Kusiyana kwake n'kwakuti chaka chamawa kasupeyo adzakhala atachira.

Palinso makina opanda giyabokosi. Kampani ya Enercon ya ku Germany yakhala ikupanga otere kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo Goldwind ya ku China nayo inatchuka nawo. Mapiko amazunguza jenereta yaikulu mwachindunji, ndiye malita mazana aja mulibe, ngakhale girizi ndi timagiyabokosi totembenuza kanyumba zimakhalapobe. Ambiri mwa makina otere amadalira maginito amphamvu opangidwa ndi neodymium, ndipo chosangalatsa n'chakuti miyala yake ndi yomwe ikufunidwa ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe. Tikhoza kudzagula ndi madola maginito ochokera m'phiri lathu lomwe. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsiku loopsa kwambiri pa moyo wa nsanja ndi tsiku losintha oyilo, lomwe limabwera pakatha zaka zingapo. Komwe zinthu zili bwino pamabwera lole yapadera ya mathanki awiri, mapayipi amakokedwa mpaka pamwamba, wakale amatsika, watsopano amakwera, popanda kutsegulira panja. Komwe lole yotere kulibe, amisiri amakweza ndi kutsitsa zigubu za malita 20 ndi kakireni ka m'kanyumba, chimodzichimodzi, mphepo ikuzigwedeza ndi kuzimenyetsa ku nsanja. Chigubu chogwa kuchokera mamita 80 sichisiya choti muwole. Ntchito imeneyi isamachitike nyengo ya mvula, pansi pazikhala pakonkire kapena poyalidwa chinsalu chosalowa madzi, ndipo zoyamwira zizikhala pafupi.

Tinene kuti zonse zayenda bwino, dontho silinagwe, migolo yadzaza oyilo wakutha ili pa lole. Ikupita kuti? Funso limeneli ndi lomwe linandichititsa kulemba zonsezi, chifukwa yankho lake ndimaliona tsiku lililonse. Pitani m'magalaja a ku Ndirande, ku Chirimba kapena kuseri kwa msika wa Limbe. Nthaka yake ndi yakuda bii, yonona, udzu sumerapo. Mvula yoyamba imatsuka zonsezo kupita mu Nasolo, mu Mudi, mu Naperi. Mudi podutsa ku Makata ndi kumunsi kwake fungo lake aliyense wokwera minibasi amalidziwa, koma kumunsi kwenikweni anthu amachapiramo ndi kuthirira ndiwo zamasamba zomwe timagula tonse.

Ndinafunsapo mwini galaja wina komwe amataya oyilo wake. Anandiyang'ana modabwa. "Achimwene, uyu satayidwa, ali ndi eni ake." Ndipo ankanena zoona. Akalipentala amamugula kupaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye. Ena amathira m'chimbudzi kuti fungo lichepe, osaganiza kuti dzenjelo ndi chitsime cha oyandikana nawo zimamwera pamodzi. Oumba mabuloko amapaka m'zikombole. Ocheka matabwa amathira pa tcheni cha makina awo. Pa mabwalo ena a mpira mizere imajambulidwa ndi oyilo yemweyu. Palibe amene amadziona ngati woononga, aliyense akungogwiritsa ntchito chinthu chotchipa. Koma oyilo wakutha amakhala ndi tizitsulo ndi mankhwala omwe ena mwa iwo amayambitsa khansa ya pakhungu akamakhudzidwa kawirikawiri. Msika umenewu ulipo kale, ndi wanjala, ndipo lole ya migolo 30 ya oyilo wa giyabokosi, wooneka woyera kuposa wa injini, siingafike kutali. Dalaivala adzabwerera ndi lisiti yolembedwa bwino ndi migolo yopanda kanthu. Oyilo yemwe tamuteteza ndi makompyuta pamwamba pa nsanja adzalowa m'nthaka kudzera pa geti.

Anzathu a ku South Africa anapeza njira mu 1994. Makampani ogulitsa oyilo anakhazikitsa bungwe la ROSE Foundation, lomwe amalipirira okha pa lita iliyonse yomwe agulitsa, ndipo ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti oyilo wakutha akutoleredwa ndi anthu ovomerezeka n'kupita komwe amamuyenganso kapena kumuwotcha moyenera. Wotolera amalipidwa, ndiye mwini galaja amakhala ndi chifukwa chosungira mgolo wake. M'maiko ena oyilo wotere amawotchedwa m'ng'anjo za simenti, momwe kutentha kumapyola madigiri 1,400 ndipo zoipa zambiri zimapseratu. Ng'anjo za simenti m'Malawi muno zilipo. Famu ya makina a mphepo, pokhala ya ndalama zambiri komanso yoyang'aniridwa ndi mabanki akunja omwe amaopa mbiri yoipa, ikhoza kukhala poyambira. Wogulitsa oyilo watsopano alembe kuti adzatenga wakale, lita kwa lita, ndipo chikalata chisainidwe ndi wolandira, osati wotumiza yekha. Lole yomwe ingatolere ku famuyo ikhoza kudzeranso ku Ndirande pobwerera.

Malamulo tili nawo. Environment Management Act ya 2017 ndi yomwe inakhazikitsa bungwe loyang'anira chilengedwe la MEPA, imapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pa malo aukhondo, ndipo imatsata mfundo yoti woononga ndiye alipire. Ntchito yaikulu ngati famu ya makina a mphepo siingayambe popanda kafukufuku wa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa. MERA ndiyo imapereka chilolezo chopangira magetsi. Pa misonkhano yotere, pansi pa mtengo, mafumu ali pa mipando kutsogolo, mafunso amakhala a chipukuta misozi, a ntchito za anyamata, a buloko ya sukulu. Ndi mafunso oyenera. Koma pafunika mayi mmodzi aimirire n'kunena kuti, "Zikomo a mfumu, ine ndifunse nawo. M'chinthu chimodzicho mulowa malita angati, ndipo chikachucha usiku tidzaimbira ndani?" Pafunikanso kuti madzi a akasupe ndi zitsime za m'munsi ayezedwe ntchito isanayambe, zotsatira zake zisungidwe kwa a gulupu ndi ku khonsolo. Popanda zimenezo, tsiku lomwe madzi adzayambe kununkha kampani idzati anali choncho kale, ndipo palibe adzaitsutse.

Anthu okhala m'munsi mwa nsanja ndi omwe adzaone mkwingwirima wakuda woyamba, kompyuta isanalire. Mnyamata woweta ng'ombe amadutsa pamenepo tsiku lililonse, injiniya amabwera pamwezi. Nambala ya foni ilembedwe pa chitseko cha nsanja iliyonse, m'chilankhulo cha kumeneko, ndipo woimba asaopsezedwe kuti amafuna chiyani pa malo a kampani. Amisiri okwera pamwamba akhalenso a konkuno. Ana a ku MUBAS ndi a m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche akhoza kuphunzira ntchito imeneyi, ndipo kusintha payipi sikuyenera kudikira munthu wochita kukwera ndege kuchokera ku Cape Town. Oyilo wosiyidwa m'kanyumba kaja ndi nkhuninso. Mphenzi ikamenya kapena buleki ikatentha, moto wa mamita 80 m'mwamba palibe galimoto ya ozimitsa moto yomwe ingaufikire, amangotchinga anthu n'kudikira kuti uthe wokha, zidutswa zoyaka zikugwera pa udzu wouma.

Makina amenewa amapangidwa kuti agwire ntchito zaka 20 mpaka 25. Zaka zomalizira ndi zomwe amachucha kwambiri, ndipo ndi zaka zomwe mwini wake safunanso kuikapo ndalama, ngongole ya kubanki itatha, mwinanso famuyo itagulitsidwa kawiri kwa makampani omwe mudziwo sunawaonepo. Nsanja yosiyidwa imakhalabe ndi oyilo wake m'mimba, masilo akuuma, ogula zitsulo zakutha akuizungulira. Kutsitsa nsanja imodzi kumafuna kireni yomwe ija yochokera kunja, ndipo khonsolo ya boma lililonse m'dziko muno singakwanitse. Ndalama zogwetsera nsanja, zokhuthulira oyilo ndi zokumbira dothi loipitsidwa ziyenera kusungidwa padera kuyambira chaka choyamba chogulitsa magetsi, mu akaunti yomwe kampani singatapemo yokha, ndipo zisungidwe m'madola, chifukwa kwacha yosungidwa lero pofika 2050 singadzalipire ngakhale dizilo wa kireniyo.